Zithunzi za m'kompyuta: pulogalamu ikafa, maina amapita kuti?

Kale cithunzi cinali ndi mbali ziwiri. Kumaso kunali anthu, kumbuyo kunali pepala loyera, ndipo pamenepo munthu wodziwa kulemba ankalembapo tsiku, malo ndi maina a amene anajambulidwa. Filimu imodzi inkatulutsa zithunzi 24 kapena 36 basi, zotsukitsa ndi ndalama, conco zithunzi zinali zowerengeka ndipo mwini wake ankazidziwa zonse. Lero telefoni imodzi imasenza zithunzi zikwizikwi. Koma cithunzi ca m'telefoni kapena ca m'kompyuta cilibe kumbuyo kolembapo. Dzina limene makina amacipatsa ndi longa ili: IMG_2041.jpg. Kodi dzina lotere lingauze mdzukulu wanu kuti mayi wobvala duku uyo ndi ndani?

Cifukwa ca bvuto limeneli anthu anapanga mapulogalamu oika m'kompyuta, amene nchito yake ndi kusanja zithunzi, kuzikonza ndi kuzitumiza kwa ena. Ife tafuna kufotokoza m'mene amagwirira nchito, makamaka cinthu cimodzi cimene ambiri sacidziwa mpaka tsiku limene kompyuta yawonongeka. Titengera citsanzo pa Picasa, pulogalamu imene inachuka kwambiri ndipo tsopano inasiyidwa ndi eni ake.

Pulogalamu si nkhokwe

Tiyambe ndi mau awiri. Cithunzi ciriconse m'kompyuta ndi fayilo, imene makina olankhula Cipwitikizi amaitcha ficheiro. Mafayilo amakhala m'mapasta, ngati mapepala m'cikwama. Mukacotsa zithunzi m'telefoni kapena m'kamera n'kuziika m'kompyuta, zimakagona m'pasta ina yake pa disiki. Kumeneko ndiko kwao.

Tsono pulogalamu yosanja zithunzi imacita ciani? Imayendera mapasta onse, n'kulemba m'buku lake kuti cithunzi cakuti ciri pakuti, cinajambulidwa tsiku lakuti. Imapanganso tizithunzi tating'ono kuti muzione zambiri nthawi imodzi popanda kutsegula cimodzi cimodzi. Buku limeneli tingaliyerekeze ndi kaundula wa mphunzitsi. M'kaundula muli maina a ana onse a m'kalasi, zaka zao ndi mamakisi ao, koma anawo sakhala m'kaundula iai, ali kwao. Kaundula akapsa ana sapsa, koma zonse zimene mphunzitsi analemba za iwo caka conse zapita.

Ndi momwemo. Munthu akati "zithunzi zanga ziri mu Picasa" kapena "ziri mu Lightroom", kunena zoona zithunzizo ziri m'mapasta ace, ndipo pulogalamu ikungomuonetsa. Ici ndi cifukwa cake wina amafufuta pasta poganiza kuti pulogalamu yasunga kale, kenaka n'kupeza kuti watsala ndi tizithunzi tosatseguka. Pulogalamu ya Apple yotchedwa Photos ndiyo imacita mosiyana pang'ono: iyo mwacizolowezi imakopera zithunzi m'thumba lakelake, limene munthu wamba amaliona ngati fayilo imodzi yaikulu.

Nkhani ya Picasa

Picasa inapangidwa m'caka ca 2002 ndi kampani yaing'ono ya ku California, ku Amerika, yotchedwa Lifescape. Dzinali analilumikiza kucokera ku dzina la wojambula uja Pablo Picasso ndi mau a Cisipanishi akuti mi casa. Ife odziwa Cipwitikizi mau akuti casa sitifunika kutanthauziridwa. Poyamba inali yogula. Mu Julho 2004 kampani ya Google inaigula n'kuyamba kuigawa ulere, ndipo apa m'pamene inafalikira dziko lonse.

Anthu anaikonda pa zifukwa zomveka. Inali yopepuka, inkayenda bwino ngakhale pa kompyuta yakale yofooka, ndipo sinkafuna intaneti kuti igwire nchito. Ukangoiika, yokha inkafufuza zithunzi zonse za m'makinamo, ndi zimene unaziiwala zomwe, n'kuzindandalika motsata zaka. Cithunzi cakuda unkaciwalitsa pongokoka kamzere, copendekeka unkaciongola, maso ofiira aja obwera ndi kuwala kwa kamera unkawacotsa. Panalinso batani limodzi lokonza lokha kuwala ndi mtundu, la anthu osafuna kubvutika. Mu 2006 anaonjezera Picasa Web Albums, malo a pa intaneti oikapo zithunzi kuti acibale akutali azione. Mu 2009 pulogalamu ya pa kompyutayo inaphunzira kuzindikira nkhope: ukaiuza kamodzi kuti uyu ndi wakuti, inkakusonkhanitsira zithunzi zina zonse zimene munthuyo alimo n'kukufunsa ngati ndi yemweyo.

Cinthu cina canzeru cinali cakuti pokonza cithunzi, Picasa sinkakhudza cithunzi ceniceni. Inkalemba malangizo okha, monga akuti dula apa, walitsa pang'ono, m'kafayilo kobisika kochedwa .picasa.ini kamene kankakhala m'pasta iriyonse. Ukatsegula cithunzi mu Picasa unkaciona cokonzedwa; ukacitsegula ndi pulogalamu ina unkaciona monga cinaliri poyamba. Ambiri ankadabwa nazo, nkumati makina awanamiza. Koma ubwino wake unali waukulu: ngakhale patapita zaka unkatha kubweza cithunzi mwakale. Ndipo ukalamula kuti zosinthazo zilowe m'cithunzi mweni mweni, Picasa inkayamba yabisa coyambiriraco m'kapasta kena kuti cisatayike.

Mu Maio 2015 Google inatsegula Google Photos, yosunga zithunzi pa intaneti ndi yoyenera matelefoni. Mu Fevereiro 2016 inalengeza kuti Picasa ikuisiya. Kuyambira pa 15 Março caka comweco analeka kuikonza, ndipo mu Maio anayamba kutseka Picasa Web Albums. Amene anali nayo kale m'kompyuta anapitiriza kuigwiritsa nchito, ndipo mpaka lero ena akadali nayo, koma mbali yake yotumizira zithunzi pa intaneti inafa, ndipo Google siigawanso. Amene akuifuna lero amaitenga kwa anthu ena pa intaneti, kumene nthawi zina imabwera pamodzi ndi mavairasi. Ife sitikulangiza zimenezo.

Picasa sinafe yokha. Apple inasiya iPhoto ndi Aperture mu 2015. Microsoft inasiya Windows Photo Gallery mu Janeiro 2017. Onsewa ndi makampani olemera, sanagwe iai. Anangoona kuti phindu lao liri kwina. Tikaona zaka zake, pulogalamu yotere imakhala zaka khumi kapena khumi ndi zisanu. Cithunzi ca ukwati wa makolo timafuna cikhale zaka zana.

Kumbuyo kwa cithunzi kulipo, koma nkobisika

Tanena kuti cithunzi ca m'kompyuta cilibe kumbuyo. Tikonze pang'ono mau amenewo. M'kati mwa fayilo ya JPEG, umene ndi mtundu wa zithunzi wofala kwambiri ciyambire 1992, muli malo olembamo mau amene saoneka pa cithunzi. Malo ena amalembamo ndi kamera yokha: tsiku ndi ola, mtundu wa kamera, ndipo telefoni imatha kulembamo ndi malo amene munaima pojambula. Dongosolo limeneli amalitcha Exif, ndipo linakhazikitsidwa ndi opanga makamera a ku Japan mu 1995. Malo ena ndi olembamo munthu: mutu wa cithunzi, mau ofotokoza, dzina la wojambula. Awa anayamba ndi atolankhani, amene ankafuna kuti cithunzi cikamatumizidwa kucokera ku dziko lina cizipita ndi mau ake, amawatcha IPTC. Kenaka mu 2001 kampani ya Adobe inabweretsa njira yatsopano yocitira zomwezo, yotchedwa XMP.

Maina atatuwa musabvutike kuwaloweza. Cofunika kudziwa ndi ici: mukalemba dzina la munthu m'pulogalamu, dzinalo lingapite kuwiri. Lingalowe m'kati mwa cithunzi, ndiye kuti kulikonse kumene cithunzi cipite lipita naco. Kapena lingatsale m'kaundula wa pulogalamu, ndiye kuti tsiku limene pulogalamu idzafe kapena kompyuta idzasinthidwe, dzinalo latsala m'mbuyo. Pa galasi la kompyuta zonse ziwiri zimaoneka cimodzimodzi, ndipo msampha wake ndi umenewu.

Mu Picasa, mau ofotokoza amene munthu ankalemba pansi pa cithunzi ankalowa m'kati mwa fayilo. Amene anacita khama kulemba pamenepo sanataye kanthu. Mau ao amawerengeka lero ndi pulogalamu ina iriyonse yabwino. Koma maina a nkhope aja ankasungidwa m'kaundula ndi m'kafayilo kobisika kaja, pokhapokha ngati munthu anasankha m'makonzedwe a Picasa yomaliza kuti azilembedwa m'cithunzi. Taganizani munthu amene anakhala madzulo ambiri akuuza makina kuti uyu ndi malume, uyu ndi azakhali, zithunzi mazana mazana. Kenaka wakopera zithunzi zokhazokha pa fulashi, kusiya tobisika tija, n'kupita nazo pa kompyuta yatsopano. Nkhope zonse zafika. Maina onse atsala.

Ndipo musaganize kuti mapulogalamu a lero analeka khalidweli. Lightroom ya Adobe, imene inatuluka mu 2007 ndipo ojambula a nchito amaidalira, imasunga zonse m'kaundula wake mpaka mutailamula kuti izilembanso m'mafayilo. Nayonso digiKam imatero mukangoiika kumene: muyenera kulowa m'makonzedwe ake, pa mbali ya metadados, n'kucongapo kuti mau ofotokoza, maina ndi masiku zizilembedwa m'cithunzi. Ndi nchito ya mphindi ziwiri, yocita tsiku loyamba musanalembe dzina ndi limodzi lomwe.

Nanga lero tigwiritse iti?

Pa amene alipo, ife timaona kuti digiKam ndiyo yoyenera sukulu, laibulale kapena gulu losunga mbiri ya dera. Ndi yaulere, inayamba mu 2001, ndipo siiri m'manja mwa kampani imodzi: imakonzedwa ndi anthu odzipereka a maiko osiyanasiyana, ndipo malemba ake a m'kati ndi otseguka kwa aliyense, kotero kuti ena akatopa ena angapitirize. Imayenda pa Windows, pa Linux ndi pa makina a Apple, iri ndi Cipwitikizi, imazindikira nkhope, ndipo sifuna intaneti. Kuipa kwake nkwakuti mabatani ndi ambiri zedi. Tsiku loyamba munthu amacita ngati walowa mu msika wacilendo. Picasa inali yosabvuta kuposa apa, tisabise.

Amene ali ndi kompyuta yofooka angayese XnView MP kapena IrfanView, zimene ndi zazing'ono ndi zaulere kwa munthu wogwiritsa nchito payekha. Lightroom ndi yamphamvu pa kukonza zithunzi, koma masiku ano sigulidwa kamodzi n'kukhala yako. Umalipira mwezi ndi mwezi kapena caka ndi caka kudzera pa khadi la ku banki. Kwa wojambula maukwati m'tauni mwina zimabweza. Kwa ife ena ndi katundu wolemera.

Zithunzi zakale za papepala

Apa tikhalitsepo, cifukwa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza kwambiri. Kuno kwathu zithunzi zakale nzosowa. Makamera anali a anthu owerengeka, ndipo pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma la pa 4 Outubro 1992, mabanja ambiri a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi m'mbali mwa nyanja ku Niassa anathawira ku Malawi atanyamula zimene manja akanatha. Cithunzi cimene cinapita ndi kubwerako, kapena cimene cinatsala m'sutikesi osadyedwa ndi ciswe, nthawi zambiri ndi cimodzi cokha padziko lonse. Ndi bwino kucilowetsa m'kompyuta, kaya ndi sikana kaya pocijambula ndi telefoni. Koma pali zinthu zimene pulogalamu singadziwe yokha.

Coyamba ndi tsiku. Mukajambula lero cithunzi ca mu 1972, makina amalemba tsiku la lero. Pulogalamu, posanja motsata zaka, idzaika agogo anu ali anyamata pakati pa zithunzi za caka cino. Mapulogalamu onse amene tatchulawa ali ndi posinthira tsiku; lisintheni. Ngati mukudziwa caka cokha, ikani 1 Janeiro wa caka cimeneco, n'kulemba m'mau ofotokoza kuti mwezi ndi tsiku nzongoikapo. Ngati ndi caka comwe mukungoganizira, lembani kuti "ca m'ma 1970, malinga ndi amai akuti". Wodzawerenga m'tsogolo ayenera kusiyanitsa cimene tinadziwa ndi cimene tinangomva.

Kukula kwake nakonso nkofunika. Cithunzi wamba ca masentimita 10 kwa 15 cimafuna sikana yoikidwa pa 300 dpi, ndiye kuti timadontho pafupifupi 1200 kwa 1800, kuti cidzathe kusindikizidwanso pa msinkhu womwewo. Tizithunzi tating'ono ta pa ziphaso, timene kwa anthu ambiri akale ndi cithunzi cokhaco cimene anajambulitsa moyo wao wonse, tipatseni 600 kapena kuposa. Ndipo tembenuzani pepalalo. Ngati kumbuyo kuli malemba kapena cidindo ca nyumba yojambulira, jambulaninso kumeneko, mafayilo awiriwo muwapatse dzina lofanana kuti asasiyane.

Tsono kukonza. Pulogalamu imatha kucotsa ming'alu, kuwalitsa nkhope, ndipo masiku ano kuli ena amene amapaka mitundu pa cithunzi cakuda ndi coyera, n'kusalaza nkhope yosaoneka bwino. Anthu amakondwa nazo, ndipo sitikuwadzudzula. Koma tidziwe kuti makina sakumbuka mtundu wa nsaru imene agogo anabvala tsiku limenelo, amangopeka. Pamene nkhope yafufutika amaikapo maso ndi mano ongoganizira, otengera nkhope za anthu ena, mpaka ana ake enieni nkumati koma uyu si iyeyu. Pa nkhani ya mbiri, cithunzi cong'ambika coona ciposa cosalala copeka. Conco coyambirira cisungidwe osakhudzidwa, ndipo cokonzedwa cikhale kope, lolembedwa kuti ndi lokonzedwa. Pali cifukwa cinanso: fayilo ya JPEG imataya pang'ono ubwino wake nthawi iriyonse imene mwaisintha n'kuisunganso, ngati fotokope ya fotokope.

Za kuzindikira nkhope tinene mwacidule. Zimathandiza pa zithunzi zatsopano zoculuka. Pa zakale zimaphonya kawirikawiri, ndipo zimasokoneza munthu ndi mbale wake, mwana ndi bambo ake ali pa msinkhu womwewo. Makina amangoti nkhope iyi ikufanana ndi iyo. Dzina, mfunda, mudzi, ndi cifukwa cimene anthuwo anasonkhanira tsiku limenelo, zimenezo ziri m'mutu mwa okalamba amene akali moyo. Kompyuta ya m'manja inyamulidwe kupita nayo pakhonde pao, cithunzi cikulitsidwe kuti maso otopa aone, wina azifunsa wina azilemba. Polemba musati "agogo" pokha, pakuti agogo a inu ndi azakhali a wina. Lembani dzina lonse, mfunda, ndi kaimidwe kao kuyambira kumanzere kupita kumanja. Lembani m'Cinyanja momwe, makina sakana.

Kutumiza kwa ena

Ambiri timatumizirana zithunzi pa WhatsApp. Dziwani kuti mukatumiza mwa nthawi zonse, WhatsApp imacepetsa cithunzi kuti cisadye mamega ambiri, ndipo imacotsa mau obisika aja. Cimene mbale wanu wa ku Beira kapena ku Johannesburg walandira ndi cithunzi cocepa, copanda tsiku, copanda maina amene munabvutika kulemba. Pongoonetsana zilibe kanthu. Koma ngati mukufuna kuti iyenso asunge, citumizeni ngati documento, pamenepo cimafika cathunthu. Ndipo cithunzi cimene calandiridwa pa WhatsApp cisalowe m'malo mwa coyambirira m'mapasta anu.

Mbali inayo ya nkhani yomweyi: fayilo yathunthu yocokera m'telefoni ingakhale ndi malo enieni a nyumba yanu. Potumiza kwa munthu wosamudziwa, mapulogalamuwa ali ndi njira yotulutsira kope locepetsedwa ndi lofufutidwa malo. Zithunzi za ana a eni ndi za odwala tisamamwaze popanda kupempha.

Nanga kungosiya zonse pa intaneti, osabvutika ndi kompyuta? Google Photos poyamba inkalandira zithunzi zopanda malire kwaulere. Pa 1 Junho 2021 zimenezo zinatha; tsopano aliyense ali ndi magigabaiti 15 aulere, ogawana ndi makalata ake a Gmail, ndipo kupitirira apo nkulipira. Kuyambira Dezembro 2023 kampaniyo ili ndi lamulo lakuti akaunti imene yakhala zaka ziwiri osatsegulidwa ingathe kufufutidwa ndi zonse za m'kati. Munthu akamwalira osasiya mau acinsinsi, kapena nambala ya telefoni ikatayika, mukuona kumene zithunzi zikupita. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Intaneti ndi yabwino ngati malo aciwiri. Malo oyamba akhale disiki imene mungaigwire ndi manja, ndipo pakhale inanso yosungidwa ku nyumba ina, pakuti mbala, mphezi ndi moto sizisankha.

Mapasta nawo apatsidwe maina oti munthu awamve popanda pulogalamu iriyonse. Yambani ndi caka, kenaka mwezi, kenaka nkhani: 1994-10 Masankho oyamba, kapena 2019-08 Ukwati ku Ulongwe. Mukayamba ndi caka kompyuta imawandandalika yokha motsata nthawi. Zimbale kapena kuti ma album amene pulogalamu imapanga ndi abwino posonkhanitsa zithunzi za m'mapasta osiyana, koma nthawi zambiri amakhala m'kaundula mokha, conco asakhale ndiwo dongosolo lanu lenileni.

Pali njira yapafupi yoyesera ngati nchito yanu yalowadi m'zithunzi. Tengani cithunzi cimodzi cimene mwacilembera mau, cikopereni pa fulashi, mupite naco pa kompyuta ina imene ilibe pulogalamu yanuyo, kaya ya kusukulu kaya ya mnzanu. Pa Windows, dinani cithunzico ndi batani la kumanja la mausi, sankhani Propriedades, kenaka Detalhes. Ngati mau anu ndi tsiku limene munaika zikuoneka pamenepo, zayenda ndi cithunzi. Ngati mizere iri yopanda kanthu, bwererani ku makonzedwe a pulogalamu yanu, congani polemba m'mafayilo, ndipo muilamule kuti ilembenso zithunzi zonse zimene munazigwirira kale nchito, pakuti m'mapulogalamu ena kusintha makonzedwe kokha kumakhudza za m'tsogolo basi.